Msewu Umene Unakhota pa Msuku

Madzi anali akutulukabe pamene Sajeni Nelly Kamwendo anafika. Ankatumphuka m'paipi yosweka n'kuthamanga m'dothi lofiira la msewu watsopano. Amayi anaima m'mbali ndi ndowa zawo, osatunga, akungoyang'ana. Madziwo anali awo. Ngalande ya paipi imeneyi anakumba okha kuchokera ku matanki a paphiri mpaka kumsika, nyumba iliyonse ndi chigawo chake, ndipo tsiku limene mpopi woyamba unatulutsa madzi anthu a ku Kasongwe anavina mpaka fumbi linaphimba dzuwa.

Kale pa Kasongwe panali sitolo ziwiri ndi chigayo basi, m'mbali mwa msewu wochokera ku Bolero kupita ku Katowo. Tsopano panali msika wa malata, sukulu ya sekondale, ndi komiti ya tauni imene inkalambula misewu nyumba zisanamangidwe. Anthu ankakonda kuuza alendo kuti kuno ambulansi idzafika pakhomo la aliyense. Nelly anali wa ku Dedza, koma nayenso anali atayamba kunena zimenezi ngati mwinimudzi.

Giledala imene inathyola paipiyo inaima pomwepo, mpeni wake uli m'matope. Woyendetsa wake, Donald, mnyamata wa ku Ndirande, anakhala pa tayala akutafuna mzimbe.

"Ine, madamu, ndimatsata zikhomo," iye anatero Nelly asanamufunse. "Chikhomo chikati kumanja, ndimapita kumanja. Chikati ndilowe m'khitchini mwa munthu, ndilowa. Za mapaipi mukafunse amene anakhoma."

"Anakhoma ndani?"

"Injiniya wanu uja, Lumbani. Dzulo masana ndamuona ndi maso angawa, hamala ili m'manja."

"Inu munagona kuti?"

"M'giledala momwemu, kumtunda uko, kuseri kwa uvuni wa njerwa. Kunoko sikuoneka."

"Ndiye m'mawa uno simunaone kanthu?"

Donald analavula zotsalira za mzimbe n'kuseka. "Ndaona kuti anthu akuno amapemphera heve. Kutangoyera, ndikutsuka m'kamwa, ndaona mayi wina akutsika kanjira kopita kumtsinje, makeni awiri othirira m'manja. Mwadzidzidzi wasiya njira, walowa m'minga, wagwada, nkhope kuthengo. Ndinati ameneyu Mzimu wamugwira panjira. Kwathu timadikira kaye tifike kutchalitchi."

Nelly anamwetulira pang'ono, osaikirapo mtima. Maso ake anali pa zikhomo.

*

Zinali zikhomo za mtengo, mitu yake yopakidwa utoto wofiira. Kuchokera kumsika zinayenda mowongoka ngati mzere wa ana a sukulu. Kenaka zinakhotera kumanzere, n'kudutsa pamwamba penipeni pa paipi, pafupi ndi pamene wamalonda wina, Rex Nyirenda, ankamanga nyumba yogona alendo. Anthu anali atamaliza kale mlanduwo: Rex anafuna msewu pakhomo pake, ndipo anagula Lumbani.

Nelly anayenda kumanja kwa zikhomozo, m'maudzu ouma, mutu uli pansi. Sanachedwe kupeza chimene ankafuna. Panali dzenje laling'ono lokwiriridwa ndi dothi latsopano, lopondedwa bwino ndi chidendene. Patsogolo panali lina, ndi linanso. Zikhomozo zinazulidwa pamenepa. Wozizulayo anali munthu waudongo, chifukwa anasesa mapazi ake ndi nthambi. Koma pambali pa dzenje lililonse panatsala kabowo kakang'ono, kozama, ngati wina wabaya pansi ndi msomali wautali.

Anatsata maenjewo mpaka pamtengo wa msuku umene unaima wokha pakati pa thengolo. Mzere wakale unkadutsa pa tsinde lake lenileni. Pansi pa mtengowo panali poyera, popanda udzu, ndipo timiyala toyera tinazungulira kamalo kosaposa lichero.

Anatembenuka n'kuyang'ananso zikhomo zofiira zija. Zitangopitirira msukuwo, zinabwerera pa mzere wake wakale. Geti la Rex linali patsogolo ndithu, ndipo msewu sunafikepo.

Ngati munthuyo ankafuna kusangalatsa Rex, analekeranji panjira?

*

Lumbani Msiska anali m'kachipinda ka kupolisi, osati ngati womangidwa, koma chifukwa anyamata a kumsika ankafuna kumuswa. Malaya ake anali ong'ambika paphewa, nkhope itatupa. Anali mwana wa konkuno, woyamba wa pa Kasongwe kuphunzira za kuyeza malo n'kubwerera kudzagwira ntchito kwawo. Madzulo a tsiku lomwelo komiti inali kukumana kuti imuchotse ntchito ndi kumupereka kukhoti.

"Paipi ija ndinaiyeza ndine, asajeni," iye anatero. "Ndikudziwa pamene yagona kuposa mmene ndikudziwira mitsempha ya dzanja langa. Ndingaikepo msewu ine?"

"Zikhomo zinasunthidwa. Zimenezo ndaziona. Chitsulo chanu choyezera chili ndi nsonga yotani?"

"Yaphwatalala. Bwanji?"

"Ndangofunsa. Tsopano mundiuze, m'mawa uno njinga yanu yamoto imatani pageti la a Rex? Anthu aiona."

Lumbani anayang'ana khoma.

"A Msiska, dzuwa likutsika. Komiti siidikira."

"Sindinakumane ndi a Rex."

"Munakumana ndi ndani?"

Lumbani anaweramitsa mutu. Kenaka nkhope yake, yotupa choncho, inafewa.

"Isabella," ananong'ona. "Mchemwali wawo. Amabwerera kusukulu ya unamwino ku Ekwendeni. Ndinamuperekeza ku Bolero kuti akapeze minibasi yoyamba. Chonde chomene, asajeni, a Rex asamve. Akwathu sanatumize thenga, mkhalapakati wa ukwati, kukapempha mbeta. Akamva kuti ndinakweza mlongo wawo panjinga dzuwa lisanatuluke, nkhani yonse yatha, ndipo dzina la Isabella lilowa m'kamwa mwa msika wonse."

"Mukuona bwino kupita kundende?"

"Kundende ndikatulukako."

Nelly anatseka chitseko pang'onopang'ono. Nayenso anali ndi kamphete kopyapyala kamene ankavala pa chingwe, mkati mwa yunifolomu, ndipo pa Kasongwe panalibe amene ankadziwa.

*

Rex Nyirenda anamulandira m'sitolo yake ya zitsulo, atakhala pa matumba a simenti ngati pampando wachifumu.

"Asajeni, ine ndine bizinesimani. Msewu ndikaufuna ndimapita kukomiti masana, nditavala jekete. Ndimalankhula. Amandikana. Ndimabwerako. Ndiye pulosija imeneyo."

"Munapemphapo kuti msewu ukhote?"

"Ndinapempha, ee. Apampando a komiti, adada Chirambo, anandiyankha kuti msewu wa Kasongwe suzemba munthu, ndipo sufunafuna munthu. Pamaso pa anthu onse. Ndinatuluka makutu akutentha." Anasisita mimba yake. "Komanso taganizani. Nyumba ya alendo yopanda madzi? Alendowo azisamba chiyani, simenti? Paipi ija yathyoka, wolira woyamba ndine."

"Akuti njinga ya Lumbani munagula ndinu."

"Ine? Ndikanagula, ikanakhala yatsopano. Ija imatsokomola ngati agogo." Anaima kaye, maso atachepa. "Koma ndamva kuti inali pageti langa m'mawa. Imatani?"

"Mwina inatha mafuta," Nelly anayankha, akuyang'ana mitengo ya mafosholo.

"Pageti langa lokha? Njinga imeneyo ili ndi nzeru."

*

Ofesi ya komiti inali chipinda chimodzi kuseri kwa msika. Pakhoma panali mapu aakulu a Kasongwe wa mtsogolo: misewu, mipopi, malo a chipatala, bwalo la mpira. Pansi pa mapuwo panakhala a Hezron Chirambo, wapampando wa komiti, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo. Anavala suti yotuwa ngakhale kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndipo ambulera yawo yakuda, imene sankaisiya ngakhale m'chilimwe, inatsamira pa tebulo.

"Monile, asajeni. Khalani." Chichewa chawo chinali chodekha, chokwera ndi kutsika ngati Chitumbuka. "Mwabwera pa tsiku la manyazi."

"Mukumudziwa bwino Lumbani, adada?"

"Ndinamuphunzitsa kugwira pensulo. Ndine ndinauza komiti kuti timulembe ntchito." Anawongola mapepala amene anali pa tebulo. "Sindikhulupirira kuti wachita zimenezi. Koma anthu akwiya chomene, ndipo ine ndili ndi voti imodzi."

"Msewuwu unadutsa m'malo a anthu ambiri?"

"Ambiri. A Botha anagwetsa khola la ng'ombe. A NyaKumwenda anadula mango amene anabzala amuna awo. Analira, koma anadula. Ndinayenda ndekha khomo ndi khomo, kuwauza kuti tauni siingamangidwe ngati aliyense agwira chake. Thengo la kumsuku lija ndi langa, ndipo ndinalipereka loyamba, kuti wina asanene." Anakweza mutu n'kuyang'ana mapu aja, maso akuwala. "Adzukulu athu adzayenda m'misewu imeneyi, asajeni. Sadzadziwa mayina athu, koma adzayenda."

"M'mawa uno munali kuti, adada? Ndikufunsa aliyense."

"Ndinalawira ku Bolero, kumsonkhano wa akulu a mpingo. Ndinadzera msewu wakumtunda, wa kusekondale. Kumunsi kuja sindinapondeko. Ndabwera nditamva za ngoziyi."

Nelly anathokoza n'kutuluka. Anaima pakhonde, mtima ukumuuza kuti waona kanthu m'chipindamo, koma osadziwa kuti n'chiyani.

*

Foni yake inalira ali pansi pa mthunzi wa msika. Anali Thumbiko, mphunzitsi wa ku Nchenachena, mwini kamphete kaja.

"Wapolisi wanga, wagwira angati lero?"

"Palibe. Ndipo wosalakwa akupita kukhoti ndikapanda kufulumira."

"Ufulumire, chifukwa amama akufunsa. Akuti mkamwana wawo wa ku Dedza uja akuyeserera kugwada, kapena mawondo adakali a boma?"

Nelly anaseka. Anakumbukira ulendo wake woyamba ku Nchenachena, mapiri obiriwira ali mu nkhungu, iye akuyenda kanjira ka m'minda ya khofi pamodzi ndi mayi ake a Thumbiko. Mwadzidzidzi mayiwo anamukoka dzanja. "Patuka, mwana wanga, adada ake a Thumbiko akubwera. Gwada, yang'ana uko." Iye anagwada m'maudzu onyowa, akudziletsa kuseka. Kwawo ku Dedza ndi mkamwini amene amathawa apongozi aakazi. Kuno, m'mabanja osunga mwambo, mkazi wokwatiwa ndiye amapatukira bambo a mwamuna wake. Sawayang'ana kumaso, salankhula nawo, ndipo dzina lawo silituluka m'kamwa mwake.

Mwadzidzidzi Nelly anasiya kuseka.

"Nelly? Ulipo?"

"Thumbiko, mkazi angasiye njira n'kugwada m'minga chifukwa cha munthu wina aliyense? Mfumu, kapena abusa?"

"Mfumu amaigwadira n'kuipatsa moni. Wofulatira, osalankhula, ndi wa apongozi basi. Bwanji?"

"Ndimakukonda," Nelly anatero, n'kudula foni.

Mayi wa makeni uja sankapemphera.

*

Kumtsinje kunali manazale a fodya, timabedi tobiriwira tophimbidwa ndi udzu. Amayi amene ankathirira anamulozera mosavuta. Wolawira kuposa onse anali mmodzi yekha, Twambilile NyaMhango, amene mwamuna wake Wongani anali ku Joni.

"Wongani wa kwa ndani?" Nelly anafunsa.

"Wa kwa a Chirambo. Mwana wa apampando."

Twambilile anali wamng'ono thupi, wa maso odekha. Miyendo yake inali ndi zikande zatsopano za minga. Anaika keni pansi n'kupukuta manja pa chitenje.

"Mwatandala uli, amama?" Nelly anapereka moni wa Chitumbuka.

"Natandala makora, yewo."

"M'mawa uno munadzera kanjira ka kumsuku?"

"Ndimadzera komweko masiku onse."

"Munakumana ndi munthu?"

"Sindinaone nkhope ya munthu."

"Ndikukhulupirira. Munayang'ana kuthengo." Nelly anakhala pansi pambali pake, pa mchenga. "Minga imeneyi yakubayani chomene. Munagwada nthawi yaitali?"

Twambilile anayang'ana zikande za m'miyendo yake.

"Munamva chiyani muli chogwada?"

"Mwala," iye anatero motsitsa. "Ukugunda mtengo."

"Amagunda ndani?"

Maso a Twambilile anadzaza misozi, koma mawu ake sanagwedezeke. "Asajeni, ine ndinakwatiwa pamudzi paja ndili mtsikana. Mwamuna wanga ali kutali. Ana anga akudya, akupita kusukulu, chifukwa cha agogo awo. Dzina limene mukulifunalo sindinalitchulepo chikwatiwire. Mukufuna ndiyambe lero, kwa apolisi?"

"Lumbani achotsedwa ntchito madzulo ano. Akapita kukhoti."

"Ndikudziwa. Chichokereni kumsuku sindinadye kanthu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mundimange ine ngati mukufuna. Koma pakamwa panga sipangathe."

Nelly anagwira kamphete kake kupyolera mu nsalu ya yunifolomu. Anadzifunsa ngati tsiku lina iye adzatha kukhala chete chonchi chifukwa cha bambo a munthu wina.

"Simunanene kanthu, amama," iye anatero akudzuka. "Ndipo sindilemba kuti mwanena."

Akukwera chitunda, anakumbukira chimene anaona mu ofesi muja. Ofesiyo inali ya simenti, msewu wa kusekondale unali wa miyala yotuwa, koma nsonga yachitsulo ya ambulera ija inali ndi dothi lofiira.

*

Sanafunike kupita kuofesi. A Chirambo anali ataima pansi pa msuku, chipewa chili m'manja, atatsamira ambulera yawo. Pamene anasuntha kuti amuyang'ane, pansi panatsala kabowo kakang'ono, kozama.

"Ndinadziwa kuti mubwera kuno," iwo anatero. "Munayang'ana ambulera yanga nthawi yaitali."

"Munapitadi ku Bolero, adada. Koma munayamba mwadzera pano."

"Wakuuzani ndi mkamwana wanga?"

"Ayi. Wakana kutchula. Anali wokonzeka kumangidwa."

Nkhalambayo inatseka maso. Mphepo yotentha inagwetsa masamba ouma a msuku pa timiyala toyera tija.

"Mwana wathu woyamba anabadwa osalira," iwo anayamba. "Kalekale, ndili mphunzitsi wamng'ono. Ana otero saikidwa kumanda, ndipo amuna sitipitako. Amayi amakamuika okha, mwakachetechete, osauza munthu. Ine sindinadziwe pamene anagona. Sindinafunse. Ndinali munthu wa sukulu ndi wa tchalitchi, ndinati zapita. Malemu mkazi wanga anandiuza chaka chatha, akudwala. Anati, 'Hezron, mwana wako ali pa msuku. Ndakhala ndikusesapo zaka zonsezi. Tsopano uzisesa ndiwe.'"

"Munali mutapereka kale malowa."

"Ndinali nditapereka. Pa mapu msewu unkaoneka ngati udutsa pambali. Dzulo madzulo ndabwera kudzasesa, ndapeza chikhomo chofiira chili pamutu pake."

"Bwanji simunauze komiti? Lumbani akanakhotetsa msewu bwinobwino, kumbali yopanda paipi."

"Ndikauze ndani? A NyaKumwenda, amene ndinawadulitsa mango? A Botha? Ine amene ndinati msewu wa Kasongwe suzemba munthu?" Anapukusa mutu. "Ndinati ndisunthe pang'ono, palibe adziwe. Ndinayesa paipi ili kutali. Ndakhala ndikulemba mizere ya mabwalo a mpira moyo wanga wonse, asajeni, ndiye ndinadziona ngati injiniya. Madzi a anthu onse ndawataya ine. Ndipo ndakhala mu ofesi muja tsiku lonse, mwana amene ndinamuphunzitsa ali m'manja mwanu, ine pakamwa pali gwa."

"Ndiyenera kukutengani, adada."

"Ndikudziwa. Ndipempheko chimodzi. Tidzere kukomiti. Anthu anamva mawu anga pamene ndinkawauza kuti apereke. Amve mawu anga lero."

Nelly anayang'ana dzuwa. Linali litapendekera ku mapiri a ku Zambia.

"Tiyeni," iye anatero. "Unyolo sindikuikani."

*

Msonkhano unachitikira panja, chifukwa tauni yonse inabwera. Lumbani anakhala pa benchi pakati pa apolisi awiri. A Chirambo sanapite pampando wawo. Anaima patsogolo, pamene amaima oimbidwa mlandu, n'kunena zonse, osachotsa kanthu ndi osadzichepetsera mlandu. Atamaliza anaika makiyi a ofesi pa tebulo.

Poyamba panali phokoso. Mnyamata wina anakuwa kuti akulu akalakwa amangopepesa. A Botha anafunsa amene awabwezere khola lawo. Kenaka a NyaKumwenda, mayi wokalamba wa mango uja, anadzuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno.

"Pa msuku paja ine ndinalipo," iwo anatero. "Ndine ndinanyamula khasu tsiku limenelo. Hezron, mwatipusitsa, ndipo za paipi mukayankha kukhoti. Koma mukanabwera kwa ine, ndikanakuuzani kuti mango ndi mango, mwana ndi mwana." Anatembenukira kwa Lumbani. "Iwe, msewu ungakhote kumanja osagunda paipi?"

Lumbani anaimirira. "Ungakhote, amama. Pakhala kabwalo kakang'ono, mtengo uli pakati. Ambulansi idutsa bwinobwino."

"Ndiye ukhote masana, tonse tikuona. Ndipo inu anyamata amene mwang'amba malaya a mwanayu, mawa mukhale oyamba kungalande ndi makasu."

Rex anakweza dzanja n'kulengeza mokweza kuti paipi yatsopano ichokera m'sitolo yake. Kenaka anawerama kwa Lumbani. "Injiniya, nkhani ya njinga yako pageti langa sinathe. Ubwere ndi akwanu adzafotokoze." Lumbani anayang'ana pansi, koma Nelly anaona kuti akumwetulira.

A Chirambo anapita pamene panali Lumbani, n'kuwerama mutu pamaso pa mwana amene anamuphunzitsa kugwira pensulo. Zimene ananena sizinamveke kwa wina aliyense. Atatero anatenga ambulera yawo n'kuuza Nelly kuti ali okonzeka.

Njira ya kupolisi inkadutsa kuseri kwa msika. Ali pakati pa njira, Twambilile anatulukira kutsogolo kwawo, makeni ake opanda madzi ali m'manja. Atangowaona anapatuka, n'kugwada m'fumbi, nkhope kuthengo, monga ankachitira masiku onse, ngati kuti munthu wodutsayo sanali m'manja mwa apolisi.

Nkhalambayo inaima. Sinamuyang'ane. Inayang'ana kutsogolo, kumene matanki a paphiri ankanyezimira ndi dzuwa lomaliza.

"Asajeni," iwo anatero, "mundiuzire amama awo kuti sanandilakwire. Muwauzenso kuti pa msuku pamafunika kusesa, ndipo ine mwina ndichedwako."

Nelly anatembenuka kuti abwereze mawuwo, koma Twambilile, ali chifulatire, anali akuomba kale m'manja pang'onopang'ono.

"Yewo," iye anayankha, akuuza thengo.